Chingerezi cha pa Nazale ya Fodya

Chaka chimene Enelesi analephera Chingerezi kachiwiri, bambo ake anali atayamba kale kumwetulirana ndi Nasoni, kapitawo wa pa esiteti ina ku Nsaru, kumene banjali linkachita utenanti. Popanda Chingerezi palibe satifiketi ya Fomu 4, ndipo popanda satifiketi chotsala chinali ukwati basi.

"Bambo, ndipatseniko chaka chimodzi chokha."

"Chaka chatha unatinso chimodzi. Ukakalepheranso, Nasoni akudikira, wamva?"

Chimene chinkamugwetsa chinali mawu ofanana ngati ana a mimba imodzi. Scatter, sprinkle, disperse: iye onsewo ankangoti kumwaza. Ankaloweza, koma pa mayeso ankasokonekera.

Msika wa fodya utatsekedwa, matenanti anzawo anakwera malole, awa ku Phalombe, awa ku Dedza, aliyense njira yake. Enelesi anaima pamsewu fumbi likumulowa m'maso, mnzake wapamtima akumubayibitsa. Anangodzimva akunong'ona kuti disperse. Liwu limenelo silinamuthawenso.

Kuyambira pamenepo liwu lililonse ankaliphunzira ndi manja. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, amaitakasa m'madzi a m'keni kuti igwe mofanana pa bedi. Akamawaza madziwo pa nazale ankati sprinkle. Akaponyera nkhuku chimanga, china uku china uko, scatter.

"Mzungu wathu, tamuyankhulani fodyayo amere msanga," ankamuseka amayi a kudimba.

"Akamera adzakupatsani moni m'Chingerezi, mayi. Kaya mudzayankha bwanji."

Analembanso, n'kukhoza. Bambo ake anangouza Nasoni kuti ayang'ane kwina. Ine Nasoniyo ndimamumvera chisoni, koma pang'ono pokha.

Enelesi ameneyo ndi Madamu amene anatiphunzitsa Chingerezi ku Mpingu. Ndimakumbukabe m'mawa wa mu Juni, kukuzizira, ife tikuphunzira mawu omwewo panja ndi makeni ndi chimanga m'manja, mayunifomu atanyowa, nkhuku za eniake zikutitsatira mpaka pakhomo la kalasi. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Pano ndili pakhomo, ndikudikira zotsatira zanga, mtima uli m'mwamba ngati ndithamangire ku Lilongwe ndikazifunse ndekha. Mwina ndakhoza, mwina ayi. Koma iwe mnzanga, dzina lako likapanda kutuluka, usaotche makope. Lira lero, mawa upemphe chaka chako chimodzi, ukalembenso.