Kusamutsa Mabuku a Abambo Kachingwe

Tinanyamuka ku Kawale m'mawa wa Loweruka lina mu Januwale 1996. Abambo Kachingwe, amene ankayang'anira laibulale ya sekondale yomwe ndinaphunzirako mpaka atapuma pantchito, anali atamwalira miyezi ingapo yapitayo. Asanatisiye ananena kuti mabuku awo onse apite kusukulu imene ndinkaphunzitsa ku Area 25.

Ndinapangana ndi a Yohane, mwini pikapu yakale yonyamula njerwa, pa K200. Ataona makatoni anayang'ana kumwamba. "Bola njerwa, aphunzitsi. Njerwa siziopa mvula." Lona yofunditsira katundu analibe.

Mkazi wa malemu, a Nangozo, anakana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo ndi ambulera yawo, ine pambali pawo. "Ndikuperekeza mkazi mnzanga," anatero akumenya katoni. "Zaka zonsezi wakhala akundilanda mwamuna. Ndikaone ndekha kuti wapitadi."

Tikuwoloka mtsinje wa Lilongwe anayamba kundisimbira. Podzafunsira mbeta ku Ntcheu, a Kachingwe sanabweretse sopo kapena mpango ngati anyamata ena. Anabweretsa dikishonale. Mwana akachedwa kubweza buku, ankamulondola pa njinga mpaka ku Chinsapo. "Ankachoka atakwiya, mwanawe. Pobwera ankakhala atamwa thobwa, ndipo mwanayo atamusiyira buku lina."

Pafupi ndi raundabauti ya Area 18 tinaima kugula chimanga chootcha. Wogulitsa anatikulungira m'pepala long'ambidwa m'buku la sayansi. A Nangozo anatukula nsidze.

"Mwayi wanu amuna anga kulibe, bambo."

"Abambo a magalasi ndi njinga yakuda aja?" anafunsa wogulitsayo atamva dzina. "Ndiwo anali kasitomala wovuta! Ankagula mapepala okulungirawa, chimanga n'kundisiyira."

Tinaseka mpaka a Yohane analiza hutala.

Mvula inatipeza tikuyandikira ku Kanengo, yamadontho akuluakulu. Ndisanaganize chochita, a Nangozo anali atamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa makatoni. Ambulera anaipereka kwa mabuku, iwo n'kugona chafufumimba pamwamba pa otsalawo.

"Mukungondiyang'ana? Gonani mbali inayo!"

Ndinagona. Anthu a m'minibasi imene inkatipitirira anatiloza, kondakitala n'kukuwa kuti, "Pepani ndi odwalawo!" A Yohane anathamangitsa pikapu mpaka pansi pa denga la filing'i siteshoni, pamene tinausa ndithu, madzi akuchucha m'makutu.

Tinafika ku Area 25 masana, titanyowa ngati nkhuku. Katoni imodzi yokha ndiyo inalowa madzi. Ana amene anabwera kudzatsitsa anafuna kuyanika mabukuwo padzuwa, lomwe linali litatulukanso, koma a Nangozo anawaletsa. "Dzuwa limapinda masamba. Aimikeni pakhonde, otsegula, mphepo ichite ntchito yake." Anaonetsa ana mmodzimmodzi, mpaka khonde lonse linadzaza timisasa ta mabuku.

Ndinawafunsa kumene anaphunzira zimenezi. "Denga lathu linkadontha," anayankha akufinya duku. "Mumaganiza ankayanika ndani?"

Kusekondale kuja tinkatamanda a Kachingwe okha. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti laibulale yawo inali ndi antchito awiri, ndipo wachiwiriyo anali ataima pakhonde pathu, akunjenjemera, akufunsa ngati ku Area 25 kuno anthu amadziwa kuphika tiyi.