Anapiye Apepo a ku Ndirande

A Yona Namakhwa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa kampani ina yoswetsa mazira ndi makina. Ntchito yawo inali imodzi yokha: kutola mwanapiye wa tsiku limodzi, kumuyang'ana, n'kumuika m'katoni yoyenera. Kampaniyo itatsekedwa mu 1994, anabwerera ku Ndirande ndi maovolosi awiri ndi maso awo aja.

Inali nthawi imene aliyense anayamba geni. Mavenda anadzaza misewu, ena akuyenda ndi makatoni oboolaboola a anapiye. Munthu ankagula anapiye omuuza kuti ndi nkhuku zanyama, kudyetsa miyezi itatu, n'kupeza kuti waweta atambala owonda makumi atatu olira nthawi imodzi. Choncho anthu anaphunzira kudzera kaye kwa a Yona, amene ankakhala pa benchi kuseri kwa msika, pafupi ndi ogulitsa madeya.

Ankamuika mwanapiye padzanja, kuuzira ubweya wa pamsana, kutambasula kaphiko, kuona miyendo, kenako kumuika pakhutu. Za pakhutuzo zinalibe ntchito. Anaziyamba chifukwa anthu ankadandaula kuti akufulumira kwambiri. Akatha ankanena mawu amodzi: "Zanyama." "Zamazira." "Mikolongwe." Kapena, atapinda mlomo, "Zachikuda." Sankalipiritsa. Wokhutira ankadzabwera ndi dzira loyamba. Chimene a Yona anali nacho pa dziko chinali chimodzi: pamsika ponse panalibe anawamvapo akulakwitsa, kapena akunena kuti sindikudziwa.

Nkhuku zachikuda ankazipeputsa. Kunyumba kwawo zinalipo, za akazi awo a Mervis, koma ankazilumpha pakhomo monga munthu alumphira chithaphwi. Ankadziwapo tambala mmodzi yekha, wa tsumba lopendekera kumanzere, chifukwa ankawajompha akakolo.

Tsiku lina mu Okutobala wa 1996 kunabwera munthu wa tayi atanyamula katoni. Anali a Kumbusko Nyirenda, kalaliki wa m'boma wokhala ku Naperi.

"Madala, mbiri yanu yafika mpaka ku ofesi," anatero. "Awa ndagula kwa venda pa siteji. Akuti achokera ku Joni. Akazi anga ati ndisalowe nawo m'nyumba mpaka ndidziwe mtundu wake."

A Yona anatsegula katoni. Munali anapiye khumi ndi awiri, onse apepo ngati maluwa a jakaranda, kuyambira kumlomo mpaka kuzikhadabo.

Anthu anasonkhana. A Yona anatola mmodzi n'kuuzira pamsana. Pepo. Anatambasula kaphiko. Pepo. Ku kampani anaonapo achikasu, akuda, ofiirira, amizeremizere, koma otere ayi. Anamuika pakhutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anamvetseradi, kuti mwina angawauze kanthu. Mwanapiye anangoti piyo.

"Koma ameneyu si jivi, mankhwala a zilonda aja?" anafunsa a Constance, mayi wogulitsa madeya.

"Mayi, inu zanu ndi madeya," anayankha a Ismael, telala wa pakhonde la golosale. "Munagwirapo pa kampani inu? Asiyeni madala amve."

Maso onse anali pa a Yona. Mawu akuti sindikudziwa anafika mpaka pakhosi, n'kubwerera.

"Mtundu watsopano," anatero.

"Dzina lake?" anafunsa a Kumbusko, cholembera chili m'manja.

A Ismael ndi amene anakuwa: "Abwera ndi ufuluwu amenewa! Ndi a matipate!"

A Yona anangokhosomola. Koma pamsika paja kukhosomola kwa a Yona kunali ngati chidindo. A Kumbusko analemba dzinalo pachikhatho, n'kunena kuti chowasangalatsa kwambiri n'chakuti utoto umenewo si wa chipani chilichonse, ndiye munthu wa m'boma akhoza kuweta popanda kufunsidwa mafunso.

Madzulo a Yona atafika kunyumba anapeza a Mervis akusadzula masamba. Manja awo anali apepo.

"Mayi a Titho, manjawo mwatani?"

"Jivi."

"Mwavulala?"

"Ndinapaka anapiye. Make anagundidwa ndi minibasi, mwaiwala? Nthutumba yake munadya ndinu Lamulungu, osafunsa n'komwe maliro ake. Khwangwala akaona mwanapiye wapepo amasokonezeka, satola. Kwathu ku Phalombe ndi mmene timachitira. Koma kulera amasiye kwanditopetsa, ndamupatsa Evance, venda uja, akagulitse."

"Angati?"

"Khumi ndi awiri."

A Yona anakhala pansi pakhonde, ngakhale mpando unali pomwepo. Anafotokoza zonse mwachidule. A Mervis anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Bambo a Titho! Nkhuku za Ndirande yonse mumazidziwa, koma za pakhomo panu mwazipatsa pasipoti ya ku Joni!"

"Musauze munthu."

"Ine ndiuza ndani? Mukawauze nokha."

M'mawa mwake anapita kumsika atakonza mawu oti anene. Anapeza mzere. Wina ankafuna kudziwa ngati a matipate amadya madeya wamba. Wina ankafunsa ngati mazira ake adzakhale apepo, ndiponso ngati munthu wa mpingo angadye. A Yona anati ndinena mawa. Mawa lake mzere unali wotalikirapo.

Evance sanachedwe kuzindikira chimene chikuyenda. Pasanathe sabata jivi anasowa m'magolosale a ku Ndirande, ndipo anapiye apepo anafika ku Chilomoni, ku Bangwe mpaka ku Machinjiri. Onse ankadzera pa benchi ya a Yona, ndipo a Yona ankakhosomola. Bambo wina wa ku Mbayani anabwera ndi mmodzi m'chipewa.

"Madala, wa matipate wangayu bwanji mlomo wake ndi wophwatalala?"

A Yona anaona mapazi. "Uyu ndi bakha."

"Bakha wa matipate?"

A Yona anakhosomola. Bamboyo anathokoza n'kupita akuuza aliyense panjira.

Masiku amenewo a Yona anaonda. Dzina lawo linali lisanakulepo chotere, koma ankaona ngati avala jekete ya munthu wina. Ankadziwanso chimene aliyense wogwira nkhuku amadziwa: ubweya wa mwanapiye umathothoka, nthenga zenizeni zimamera.

Patatha masabata asanu a Kumbusko anabweranso, ulendo uno ndi dengu. Anapiye aja anali atakula. Upepo unatsala m'makhosi mokha. Ena anali ofiirira, ena amawangamawanga, ndipo asanu ndi awiri anali atamera katsumba kopendekera kumanzere.

"Madala, asintha," anatero a Kumbusko.

Msika wonse unabwera. A Yona anaimirira, anavula chipewa, n'kuyankhula mawu ambiri kuposa onse amene anayankhulapo pamalopo.

"Ndinanama. Tsiku lija sindinadziwe, ndipo ndinachita manyazi kunena. Kulibe mtundu wa matipate. Awa ndi achikuda, ana a tambala wanga. Akazi anga anawapaka jivi poopa akhwangwala. A Constance ananena zoona."

Anaima chilili, kudikira kuti wina awalande benchi.

Kenako a Ismael anaseka n'kumenya m'manja.

"Mwawaona akuluakuluwa? Akufuna mtunduwu ukhale wawo okha!"

"Jivi, eti? Ife ndi ana, madala?" anatero wina kumbuyo.

A Kumbusko anawagwira paphewa mwaulemu. "Madala, musadzichepetse. Ine sindinabwere kudzadandaula, ndinabwera kudzakuonetsani. A matipate kusintha ndi khalidwe lawo. Ku ofesi kwathu alipo anthu atatu asintha kawiri chaka chino chokha."

"Ndikuti ndi achikuda!" anakuwa a Yona, amene anali asanakuwepo.

"Pepani madala, tamva," anthu anatero, akutsinzinirana maso.

A Constance okha ndi amene anawabweretsera madzi m'kapu. "Ine ndakumvani, a Yona," anatero motsitsa. "Koma ine zanga ndi madeya."

Pa zonse zimene a Yona ananena, anthu anatolapo chimodzi: bambo wa anapiyewo ndi tambala wa pakhomo pawo. M'mawa mwake, potsegula chitseko, anapeza anthu khumi ndi asanu ali pamzere, aliyense thadzi lili m'khwapa. A Mervis anali atatulutsa kale benchi ndipo ankalowetsa mmodzimmodzi kuseri kwa nyumba. Tambala wa tsumba ankayenda ngati mwini mzinda.

"Mayi a Titho, auzeni zoona anthuwa."

"Ndawauza katatu. Akuti ndine mkazi wabwino, ndikusunga chinsinsi cha amuna anga. Lumphani bwino, mungaponde mlendo."

A Yona anakhalabe pa benchi yawo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Sanalakwitsenso. Za pakhutu zija anasiya, ndipo anthu anati tsopano afika poti amamva ndi dzanja. Kawiri konse ananena poyera kuti sindikudziwa, ndipo kawiri konseko mwini mwanapiye anapita kwawo akukondwa kuti wagula mtundu wosowa. M'mawa uliwonse asananyamuke ankayang'ana kaye manja a akazi awo.

Patapita miyezi isanu kuchokera tsiku la dengu lija, a Kumbusko anabwera ndi dzira loyamba, atalikulunga m'kampango. Linali laling'ono, loyererako, ngati mazira onse a m'makhonde a ku Ndirande. A Yona analitembenuza kamodzi.

"Lachikuda," anatero.

A Kumbusko anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama mpaka pakhutu pawo.

"Inde, madala. Pagulu tizitero."

A Yona analiika dziralo m'thumba la ovolosi. Madzulo anakalipereka kwa a Mervis ndi manja awiri.