Dzanja Lamanja la a Chiwerama

Pamsewu wathu wa mashopu panalibe amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Tonse tinkangoti a Chiwerama. Dzinali linabwera chifukwa cha kamera yawo, kabokosi ka maso awiri, lina pamwamba lina pansi, kamene munthu sakaika kumaso koma amakagwirira pamimba n'kusuzumira kuchokera pamwamba. Motero akafuna kukujambula ankayamba akuweramira, kaya ndiwe bwana kaya wosesa pamsewu.

Ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Ine ndimasoka nsapato, ndipo shopu yanga inagundana ndi yawo. Khoma lapakati linali la matabwa, choncho ndinkamva zonse, ngakhale akatsokomola.

Kamera yoyamba anapatsidwa ndi mkulu wina amene ankatseka situdiyo yake chifukwa anthu anali atayamba kujambulana ndi mafoni. Inali yakufa. Kachitseko ka m'kati, kamene iwo ankakatcha chikope chifukwa kamaphethira, kanali katauma gwa. Anaiphwasula pansalu yoyera, tizitsulo tonse n'kutiika m'zivindikiro za mabotolo, ndipo analimbana nayo miyezi ingapo makina a anthu akudikira. Tsiku limene chikope chinaphethira anagogoda khoma.

"Achimwene, tabwerani mudzamve."

Ndinapita. Anadina, ine ndinangomva kaphokoso ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi. Wadzuka," anatero.

Kuyambira pamenepo makamera anayamba kuwapeza okha. Ena ankabwera nawo ana amasiye atawapeza m'masutikesi a makolo awo, ena ankawatola kwa ogulitsa zitsulo zakale. Shelefu inadzaza. Koma yoyamba ija ndiyo inali yapamtima. Chikopa chokutira kunja kwake chitasupuka, anabweretsa chikwama chakale cha akazi awo, chofiirira, kuti ndidule tizidutswa totengera muyeso wa papepala. Tinamata limodzi. Anaikamonso galasi lina lowala bwino la pamwamba, ndi kachipewa kotchinga dzuwa kamene anapinda okha kuchokera kuchitini.

Akazi awo, amene ine ndinkawatcha alamu, sankaikonda nkhaniyi. Kamerayo ankaitcha mkazi mnzawo. Mafilimu ankagona mufiriji pambali pa mkaka, ndipo tsiku lotsuka zithunzi bafa lonse linkatsekedwa ndi bulangete, munthu osasamba.

"Ine chikwama changa chinakaveka mkazi wamng'ono," ankatero alamu. "Ndikanadziwa ndikanakwatiwa ndi woledzera, mwina akanamabwera kunyumba n'kumandiyang'ana."

A Chiwerama ankangomwetulira. Kumapeto kwa sabata iliyonse ankatulutsa makamera onse pakhonde, kuwapukusa ndi kuwadina limodzilimodzi kuti asaume, kenako n'kuwayanika pakadzuwa ka m'mawa kuti nkhungu isamere m'magalasi.

Matenda anawapeza ali pantchito. Ndinamva sikuludilaiva ikugwa, kenako mpando. Nditalowa ndinawapeza pansi, kamwa litapotoka, akuyesa kundiuza china chake chimene sichinatuluke. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anachira, koma mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka mochedwa ngati akuwakoka m'chitsime. Shopu anaisiya, munalowa wogulitsa mafoni.

Dzinja lonse makamera anakhala m'kabati. Alamu anali ndi zambiri, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kupita nawo kukawongola miyendo. Mvula itatha ndinakawaona, ndipo anandipempha ndi dzanja kuti nditsegule kabatiyo. Ndinawapatsa yofiirira ija. Anaitembenuzira kuzenera n'kuyang'ana m'diso lake nthawi yaitali. Nanenso ndinaona timizere toyera m'mphepete mwa galasi, ngati ulusi wa kangaude. Anaiika pamiyendo, nayesa kupukusa chogwirira ndi dzanja lamanzere, koma chogwiriracho chili kumanja, kamera inangoterereka. Misozi inatsika osapukuta.

Alamu anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja. Anaiika pansi.

"Bambo, ndiuzeni pogwira," anatero.

"Mu... muononga."

"Yaonongeka kale. Ndiuzeni pogwira."

Ndi mmene zinayambira. Patebulo lodyera anayala nsalu yoyera, a Chiwerama akuloza, alamu akumasula. Ankakangana kwambiri. Tsiku lina alamu anatenga mafuta a makina osokera kuti adonthezere m'chikope, ndipo a Chiwerama anamenya tebulo n'kunena mawu oti "ayi" momveka bwino kuposa mawu onse chidwalireni. Magalasi ena anayera, ena nkhungu inali itadya kale ndipo anawasiya. Yofiirira ija inapulumuka.

Ine ndinasoka lamba wamkulu wopingasa pachifuwa kuti kamera izikhazikika pamimba popanda kuigwira. Ndiye anayamba kutuluka awiriwo. A Chiwerama ankatsogola ndi ndodo, akafika pamene akufuna n'kuipereka ndodoyo kwa akazi awo, n'kuwerama, dzanja lamanzere likutembenuza kachitsulo kowongolera chithunzi. Alamu ankaima kumanja kwawo, phewa ndi phewa, kuti asagwe. Akamva "tsopano" ankadina, kenako n'kupukusa filimu.

Anajambula msewu wonse mwa njira imeneyi: wometa, mayi wogulitsa nsalu, wowotcherera zitsulo, ngakhale wa mafoni uja. Filimu imodzi imatenga zithunzi khumi ndi ziwiri zokha, choncho sankafulumira. Nthawi zina ankaima pamalo mpaka wojambulidwa kutopa.

"Alamu, mkazi mnzanu uja mwagwirizana naye tsopano?" ndinafunsa tsiku lina.

"Tikudwazika mwamuna mmodzi," anayankha. "Tikangana titamaliza."

Anandiuzanso kuti ulendo woyamba kusuzumira m'galasi lija anachita chizungulire, chifukwa munthu wopita kumanja amaoneka akupita kumanzere. Anati zaka zonsezo sankadziwa kuti amuna awo amaona dziko lotembenuka.

A Chiwerama anamwalira chaka chotsatira, nyengo yozizira, atadwalanso kachiwiri. Popeza kutsuka zithunzi kubafa kunali kutalephereka, mafilimu onse a miyezi imeneyo anali atawasunga m'thumba. Maliro atatha, mwana wawo wamwamuna anawatumiza kutali kwa anthu amene amatsukabe mafilimu otere.

Zithunzi zitabwera, alamu anandiitana. Anaziyala patebulo motsatana. Zoyambirira zinali zakuthwa, tsitsi la wometa ukanaliwerenga. Zapakati zinayamba kufewa. Zomalizira zinali ngati munthu ukuyang'ana kudzera m'madzi.

"Kamera inaonongeka," anatero mwana wawo. "Izi tingotaya, mayi."

"Kamera ili bwino, ndinaitsuka ndine," anatero alamu. Anasisita m'mphepete mwa chithunzi chimodzi. "Ndi maso. Maso anali akupita, koma sananene. Ankaopa kuti tisiya kutuluka."

Mwanayo anatuluka panja.

Sabata yotsatira alamu anayenda msewu wonse okha, akupereka chithunzi kwa mwini wake, chakuthwa ndi chosaoneka chomwe. Makamera ena anawagawira anthu amene analonjeza kuti aziwagwiritsa ntchito. Chithunzi changa chinali cha m'gulu lomaliza. Mukuoneka munthu atakhala pakhomo, china chake chili pamiyendo, nkhope ngati utsi. Ndinachipachika pamwamba pa makina anga. Makasitomala ena amachiyang'ana podikira nsapato, n'kufunsa kuti ameneyu ndani, ndipo ndimawauza kuti ndine.