Mbuzi Imene Sanalandire

Bambo anga anawatenga ndili mtsikana, m'masiku a chipani chimodzi. Anapichira fodya pa kachidutswa ka nyuzipepala, osaona kuti kuseri kwake kunali nkhope ya mtsogoleri. Wina anakanena kuti asuta mutu wa dziko. Anabwerako patapita zaka, opanda mano, ndipo mpaka kumwalira kwawo sitinamudziwe wonenezayo.

Chaka chatha mwana wa mchimwene wanga, amene amakhala ku Blantyre, analemba buku la nkhani yopeka lonena za banja ngati lathu. Lisanasindikizidwe ananditumizira mapepala ake pa minibasi. Ine maso anafooka, choncho mphunzitsi wina wa mumpingo mwathu ankatiwerengera tikaweruka mapemphero, pansi pa mtengo wa nachesi kuseri kwa tchalitchi.

Za banjalo anthu sanazisamale. Aliyense ankatchera khutu kuti amve pamene iye akulowa m'nkhanimo. M'bukumo muli mayi wina amene amasiya mchere pakhomo la omangidwawo, n'kuthawa. Amayi atatu anati ndi iwowo, ndipo awiri analeka kupatsana moni. Mkulu wina wosintha ndalama ku malire anadandaula kuti anangomupatsa mzere umodzi, wotsokomola pamaliro. Nkuti nthawi imeneyo asanabadwe n'komwe.

Sindinawaseke. M'Malemba ine ndimakonda anthu a m'mbali: mwini bulu uja, munthu wonyamula mtsuko wa madzi uja. Ambuye anawafuna tsiku limodzi lokha, koma alimo.

Wonenezayo mwana wathu anangomupeka: munthu wamfupi, wadazi, amene a chipani anamupatsa mbuzi yaikazi pomuthokoza. Ameneyu palibe anamulimbirana.

Loweruka lina ndinali kutsuka tizikho ta Mgonero, ntchito yanga ya zaka zambiri, pamene analowa agogo ena oimba besi mukwaya, chipewa kumanja. Anali anzawo a bambo. Pamaliro awo ndi amene anayambitsa nyimbo.

"Mayi, mwana wanu uja ndi wabodza," anatero.

"Ndi nkhani yopeka, agogo."

"Kupeka kuli ndi malire. Mbuzi iti? Anaiona ndani? Ine sanandipatse ngakhale nkhuku. Ndinapita wapansi, ndinabwera wapansi, fanta yomwe osandigulira. Komanso dazi limeneli ndi la posachedwapa. Nthawi imeneyo tsitsi linalipo lambiri."

Kachikho kanandipulumuka n'kugwera m'beseni. Iwo anapitiriza kufotokoza za tsitsilo, mmene ankalipesera. Ali pakati anaima. Ndinaona mawu awo omwe akuwafika m'makutu. Anakhala pa benchi pang'onopang'ono.

"A chipani anandifunsa kuti ndinalipo kapena ayi," anatero motsitsa. "Tinasutira limodzi fodyayo. Ndinaopa."

Ndinatola kachikho kaja m'beseni. Anatuluka, chipewa n'kuchiiwala.

Mawa lake linali la Mgonero. Ife tinaphunzitsidwa kuti sufika pagome uli ndi munthu kukhosi. Zaka zonsezi ndinkapemphera kuti ndakhululukira wonenezayo, ndipo zinali zosavuta, poti analibe nkhope. Tsopano anali nayo, ndi mpando wake wa kumapeto, ndi kachikho kamene ndakhala ndikumutsukira ndi manja angawa. Ndinaganiza zonamizira kudwala. Ndinaganizanso zoti kake ndisakapukute. Ndikuulula zimenezi mwamanyazi.

M'mawa ndinatenga chipewa chija n'kupita nacho kutchalitchi. Ndinawapeza panja, atatsamira khoma, osalowa.

"Agogo, chipewa chanu ichi. Dzuwa lingakuotcheni dazi."

"Ndilowe, mayi?"

"Gome si langa. Ine ndimangotsuka."

Tinalowa. Thireyi ya tizikho itafika pamzere wathu, ndinali nditakhala pambali pawo. Ndinailandira n'kuwapatsira. Mtima sunapepuke tsiku lomwelo, ayi. Koma ndinamwa, iwonso anamwa.

Madzulo ndinaimbira mwana uja.

"Iwe, mbuzi ija uichotse."

"Azakhali, mbuziyo ndiye pokoma pa nkhani!"

"Ichotse. Munthuyo sanalandire kanthu. Umupatsenso tsitsi."

"Mwadziwa bwanji?"

"Wadandaula mwini wake."

Anafunsa dzina la munthuyo. Ndinamuuza kuti mayunitsi akutha, ndipo ankathadi.