Mpendadzuwa Wothena

Sukulu yathu ya sekondale, uko kwa Wimbe, poyamba siinali sukulu ayi. Inali shedi yosankhiramo fodya ya esiteti ina imene inagwa, mwini wake n'kuchoka kusiya thirakitala yopanda matayala. Makolo anapempha boma, boma linatumiza aphunzitsi ndi choko, ndipo njerwa zogawira makalasi anaumba okha makolowo. Ngakhale nthawi imene ine ndinkalowa Fomu 1, mvula ikagwa kalasi yonse inkanunkhabe fodya, moti mphunzitsi wachilendo ankayetsemula sabata yathunthu. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la thirakitala ija.

Chimene tinkanyadira chinali maphunziro a ntchito zamanja. Pofika Fomu 3 aliyense ankasankha mbali yake. Kunali a zamatabwa, amene anali ndi sowo imodzi kalasi yonse, ndiye ambiri anamaliza sukulu ali akatswiri ogwirira thabwa mnzawo akamacheka. Kunali a zosoka, amene ankaphunzirira pa matumba a feteleza mpaka kusoka diresi lolembedwa kulemera kwake pamsana. Kenaka kunali ife a zaulimi, amene anzathu ankatinena kuti matenanti a ahedi.

Nditauza abambo kuti ndasankha zaulimi, anaika kapu ya tiyi pansi n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana. Iwo anayamba kulima fodya ine ndisanabadwe. Anati ngati ndikufuna khasu, makasu ali kuseri kwa nyumba, ndipo kuchigafa kukusowa manja chichokereni achimwene anga kupita ku Joni. Anati fodya ndi amene ali pamphuno, za sukuluzi n'za mphepo. Ndinalira, amayi anandichonderera, mpaka tinapangana chimodzi. Tsiku limene sukulu imaitana makolo kudzaona ntchito za ana, iwo adzabwera kudzaona munda wanga. Ukadzapezeka wopanda kanthu, sukulu yathera pomwepo, ndibwerere kukasoka fodya.

Ine kusoka fodya ndinkadana nako ndi mtima wanga wonse. Kukhala pansi tsiku lonse, msana ukuwawa, manja ali bii ndi utomoni wosachoka ndi sopo. Ndinalumbira kuti munda wanga udzaposa wa aliyense.

Aphunzitsi athu a zaulimi anali bambo wamfupi, wovala gambutsi ngakhale mu Okutobala, ndipo ulaliki wawo unali umodzi, wakuti Kasungu asamadalire fodya yekha. Chaka chimenecho anatibweretsera mpendadzuwa, mbewu imene m'mudzi mwathu palibe ankalima. Aliyense anapatsidwa mizere yake ndi kachikwangwani ka dzina, kokhomedwa ndi a zamatabwa, langa lopendama. Ndinapalira, ndinabandira, ndinathamangitsa mbuzi za alonda mpaka kuduka patapata. Pofika Malichi mpendadzuwa wanga unali utandipitirira msinkhu, ndipo pansonga pa uliwonse panali kamutu kobiriwira ngati nkhonya ya khanda.

Lolemba lina m'mawa ndinapita kukauona belu lisanalire. Mayo ine! Timitu tonse tinali pansi. Minda ya anzanga inali bwinobwino, wanga wokha unali utadulidwa kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.

Mutu wanga suchedwa kutentha, zimenezo ndimavomera. Ndinayamba ndi alonda, kuwauza kuti mbuzi zawo ndizidya ndi zikopa zomwe. Iwo anandifunsa modekha ngati ndinaonapo mbuzi yokwera makwerero. Ndinathamangira kwa a zamatabwa, poti ndiwo anali ndi sowo, ndipo ngakhale ndinali mtsikana, mnyamata wina amene anaseka ndinamugwira kolala mpaka batani kuthothoka. Anatileretsa ndi aphunzitsi a gambutsi aja, n'kunditenga kupita kumundako.

Anazungulira pang'onopang'ono, akutola kamutu apa, kuyang'ana phesi apo. Kenaka anati imeneyi si ntchito ya mdani ayi. Phesi lililonse linali lodulidwa malo ofanana, ndi chikhadabo, tsamba ngakhale limodzi losathyoka. Anati amene wachita izi ndi mlimi wa fodya, ndipo mlimi wake weniweni.

Apo m'pamene ndinaona kuti timitu tija sitinangotayidwa. Tinali titaunjikidwa bwinobwino kumapeto kwa mzere uliwonse, kudzanja lamanja. Padziko lonse ndinkadziwa munthu mmodzi yekha wochita choncho, ndipo Loweruka anali atapita kumsika panjinga, njira yodutsa kuseri kwa sukulu.

Kwa mlimi wa fodya, duwa m'munda ndi manyazi. Fodya akangotulutsa nsonga ya maluwa umamuthena, kudula nsongayo kuti mphamvu ipite kumasamba. Munda wochita maluwa anthu amauloza podutsa, amvekere mwini wake ndi mlesi kapena akugona kumowa. Abambo anaona dzina la mwana wawo pa munda woti uchita maluwa mawa lomwe, ndipo mtima sunawalole.

Madzulo ake ndinawapeza akukonza tcheni cha njinga, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Anandifunsa kuti kusukulu kuli bwanji, nanga kamunda kaja, uku akumwetulira chamumtima. Ndinangoti zili bwino. Munthu ungawauze bwanji abambo ako kuti alakwitsa ulimi? Ndinakauza amayi kukhitchini, ndipo iwo anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi chitenje. Ine sindinaseke. Ndinkaona chigafa chikundikodola.

Amayi anati ndisanene kanthu, abambo akaone okha.

Tsiku la makolo linafika patapita masabata atatu. Minda ya anzanga inali chikasu chokhachokha, mitu ikuluikulu ngati mbale, njuchi zili ng'waa. Pakati pake panali wanga, wobiriwira kuti biriwiri, masamba otambalala oti mwana angabisalepo mvula. Abambo anabwera atavala jekete la ku okushoni. Atangoona, anaima pambali pa chikwangwani changa chopendama n'kuyamba kuitana makolo anzawo. Ankawagwiritsa tsamba kuti amve kukhuthala kwake, akupukusa mutu poloza minda ya maluwa ija, amvekere ana a masiku ano ulesi, ndipo aphunzitsi ake akungoyang'ana. Abambo ena awiri a fodya anavomerezana nawo ndithu. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Kenaka aphunzitsi anasonkhanitsa anthu onse, n'kupinda mutu umodzi wa m'munda wa mnzanga. Anafotokoza kuti mbewu imeneyi chuma chake chili m'duwa, mmene mumakhala njere zoyengera mafuta ophikira. Sanatchule munthu, koma maso awo ankathawa kumene kunali ife.

Abambo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Pepani aphunzitsi. Nanga masambawa amagula kuti?"

"Masamba sagula, bambo."

"Ngakhale giredi yotsika?"

"Ngakhale yotsika."

Anthu anayesa kudzigwira, koma mayi wina kumbuyo anaphulika, ndipo onse anatsatira. Abambo awiri ovomereza aja anasowa ngati sanabwere n'komwe. Abambo anga anayang'ana chikhadabo chawo nthawi yaitali.

Pobwerera sanakwere njinga, ankangoikankha, ine ndili pambuyo. Tinadutsa zigafa za anthu zodzaza fodya. Mkwiyo wanga unali utatha, kunatsala chisoni, changa ndi chawo chomwe, chifukwa ndinali ndisanawaonepo akusekedwa pagulu. Koma pangano ndi pangano, ndipo munda wanga unalibe ngakhale njere imodzi. Tikuyandikira kwathu ndinawauza kuti Lolemba ndiyamba kuchigafa, monga tinanenera.

Anaimitsa njinga.

"Munda walepherawo ndi wa ndani? Unalima ndiwe, ndinakolola ndine. Lolemba upite kusukulu, mayi. Ukaphunzire msanga, uzidzandiuza zinazo ndisanazithene."

Ndinamaliza Fomu 4 pasukulu yomweyo, ndipo lero ntchito yanga ndi yoyendera alimi. Dzinja lotsatira tsiku la makolo lija, abambo anadzala mizere iwiri ya mpendadzuwa kuseri kwa nyumba, amvekere n'zongosangalatsa nkhuku. Utayamba kutulutsa timitu, m'mawa uliwonse ankapita kukauona, koma ankayenda m'mizeremo manja onse awiri atawagwira kumbuyo, lina litakanikiza linzake zolimba.