Masanje a ku Japan

Achemwali, kumasanje kwathu ku Ndirande inu munkaphika m'zitini, ine n'kumangoonerera, kuopa kulakwitsa. Titakula, kuno ku Dubai, tsiku lina muli pa ofu munabwera kuchipinda kwanga ku Satwa ndi timabokosi tiwiri ta ku Japan topangira tizakudya toseweretsa, tating'ono ngati chikhadabo. Kamodzi kanali koti tiyesere ife, kenako ka mwana wanu Chisomo kumudzi. Nditaona mapepala a malangizo ndinati zilembo zimenezi sindingaziwerenge. Munaseka: "Iwe, kumasanje tinkawerenga chiyani? Yalla, tiye, thira madzi mu ufa wakewo!" Kadonasi kanga kanatuluka kopindika, koma munanamizira kukadya mpaka kunyambita zala.

Lero chakwana chaka korona atakutengani. Kabokosi ka Chisomo ndakhala ndikungokasunga, poopa kuti ine, mayi ake aang'ono, sindingakwane pamalo panu. Dzulo pafoni Chisomo anandifunsa ngati ndimadziwa kuphika ngati inu. Ndinamuyankha kuti ayi, koma tiphunzira limodzi pavidiyo. Mnzanga wina akukwera ndege mawa kupita kumudzi, ndiye ndamupatsira kabokosiko. Pamwamba pa mapepala aja ndalembapo kuti "thira madzi", ndawapinda bwinobwino, ndamupatsa mnzangayo m'manja. Pumulani, achemwali.