Kumene Basi Siifika

A Hutala anagwira chiwongolero cha basi mpaka tsitsi linachita mbuu. Dzinali anawapatsa ndi anansi, chifukwa akamadutsa pamsewu waukulu ankaliza hutala kuti akazi awo adziwe kuti akadali moyo. Mtunda ankaudziwira kumsana. Mukawafunsa kuti kwakutikwakuti n'kutali bwanji, ankakuwerengerani masiteji, milatho ndi zitunda zimene injini inkatsokomolerapo.

Pakhomo pawo anali mlendo. Kufika, kusamba, kudya, kugona, m'mawa ulendo. Ana anakula akudziwa fungo la dizilo la jekete lawo kuposa nkhope yawo. Komabe masiku amenewo amawakumbuka mpaka pano ndi mtima wofewa: mazenera a basi atachita nkhungu, kondakitala akukangana ndi munthu wa matumba ambiri, ndipo pobwera n'kupeza mayi ataima pageti, madzi osamba ali pamoto. Sanadzifunsepo kuti mayiwo ankaimapo kuyambira nthawi yanji.

Atapuma pantchito, mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutsidya kwa nyanja yamchere, anabereka n'kuitana mayi ake kuti akamuthandize kulera.

"Ndege yakeyo imaima pati ndi pati?" a Hutala anamufunsa pafoni.

"Siima, ababa. Ndi makilomita zikwizikwi, pansi madzi okhaokha."

"Nanga munthu akasintha maganizo amatsikira pati?"

Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa, koma iwo sanaseke.

Mayi ananyamuka akuti akakhalako pang'ono, koma miyezi inayamba kuberekana. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Munthu amene ankaloweza dzenje lililonse la pamsewu analephera kupeza kasefa ka tiyi m'khitchini mwake momwe. Anaphunzira kuti nyumba ya munthu mmodzi imalira: firiji, mpopi wodontha, chitseko cha kabati. Galimoto ikangochepetsa liwiro kunja, khosi linkatembenuka lokha. Anawasowa akazi awo koopsa, koma pafoni ankangoti, "Kuno zonse zili bwino."

Tsiku lina masana mwana uja anaimba. "Ababa, amayi azolowera kuno, ndipo mdzukulu wanu sagona popanda iwo. Tikuganiza kuti azikhala konkuno. Mukuti bwanji?"

A Hutala anakhala pansi. Kukanakhala kumene kumafika msewu, akanabwereka ngakhale lole yakutha n'kukawatenga. Koma kumeneko kunalibe siteji, kunalibe mlatho.

"Ndipatse amayi ako," anatero.

Mayi atafika pafoni, bamboyo anayamba wakonza kukhosi. "Kodi inu, zaka zonse zija ndikachoka, munkapirira bwanji?"

"Anakunamizani ndani kuti ndinkapirira? Ndinkafuna kukuuzani kuti musapite, koma ndikaona anthu adzaza m'basi ndinkangomeza."

Mufonimo munkamveka kakhanda kakulira chapatali. A Hutala anayang'ana zikhato zawo, zimene zinali zitayamba kufewa.

"Ine kumeza ndalephera, mayi. Kumeneko sindingakutsatireni. Bwerani kunyumba."

"Mwati chiyani? Foni ikudukaduka."

"Ndati bwerani!"

"Ndinamva poyamba pomwe, abambo," mayi anatero. "Ndimafuna munenenso. Sutikesi yangatu sindinamasule yonse."